Mwana wathu ku Britain akuphunzira mbiri yopanda Nyasaland: kholo lichitepo chiyani?

Mu Sepitembala 2022 pa Trafalgar Square, pakati penipeni pa London, anaimikapo chiboliboli cha John Chilembwe. Anachipanga ndi Samson Kambalu, Mmalawi mnzathu wophunzitsa zaluso ku Oxford, potengera chithunzi cha 1914 chimene Chilembwe anajambulitsa ndi mmishonale John Chorley. Chilembwe anamupanga wamkulu, Chorley wamng'ono, onse atavala zipewa, pomwe masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu. Ndinapitako ndi mwana wanga wamkazi, amene anali mu Year 8, kalasi ya ana a zaka 12 mpaka 13. Anayang'ana m'mwamba, n'kundifunsa m'Chingerezi chake chothamanga chija kuti, "Adadi, ameneyu ndi wa ku America?"

Sindinamukalipire, chifukwa mlandu sunali wake. Rosa Parks ankamudziwa, Martin Luther King ankamudziwa, akazi 6 a Henry VIII ankawatchula pamtima. Koma munthu amene nkhope yake ili pa K500 ndi pa K2000, ndalama zimene agogo ake amamangirira kunsonga ya chitenje, anali asanamumvepo. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufufuza mmene phunziro la mbiri limayendera m'masukulu a kuno, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene ndikugawana nanu makolo anzanga, makamaka inu amene mwangofika kumene ndi ana.

Mkanganowu tinaupeza. Eni dziko akhala akukokanakokana kwa zaka zambiri pa funso lakuti ana aziphunzira mbiri yanji. Mnyamata wakuda Stephen Lawrence ataphedwa ku Eltham mu 1993, lipoti la Macpherson la 1999, lofufuza za imfayo, linanena kuti silabasi ikonzedwe kuti izithandiza kuthetsa tsankho. Mu 2013, Michael Gove ali nduna ya maphunziro, kunamveka kuti Mary Seacole, mayi wa ku Jamaica amene anasamalira asilikali pa nkhondo ya ku Crimea, amuchotsa mu silabasi. Anthu anachita phokoso, dzina lake linatsala. Kenaka 2020: George Floyd waphedwa ku America mu Meyi, ndipo pa 7 Juni anthu ku Bristol anagwetsa chiboliboli cha Edward Colston, wamalonda a akapolo, n'kuchiponya padoko. Chaka chomwecho anthu oposa 260,000 anasaina chikalata chopempha nyumba ya malamulo kuti mbiri ya utsamunda izikhala yokakamiza m'masukulu. Boma linayankha kuti silabasi imalola kale zonsezi, aphunzitsi ali ndi ufulu wosankha. Mu Okutobala chaka chomwecho Kemi Badenoch, ali nduna yoona za kusasiyana pakati pa anthu, anachenjeza m'nyumba ya malamulo kuti sukulu yophunzitsa ana kuti azungu amakondereredwa chifukwa cha khungu lawo, ngati kuti ndi mfundo yosatsutsika, ikuphwanya lamulo.

Mbali ziwirizi muzimve bwino musanalowerere. Ena akuti mwana aliyense wokulira kuno ayenera kudziwa msana wa mbiri ya dziko lino, kuyambira 1066 pamene Anormani analanda England, chikalata cha ufulu cha Magna Carta, mafumu ndi nyumba ya malamulo, mafakitale, nkhondo ziwiri zikuluzikulu, ndipo nthawi ya m'kalasi ndi yochepa. Ukathirapo china, china chimatayika. Amaopanso kuti kalasi ingasanduke bwalo la ndale. Enawo akuti mbiri imene ikuphunzitsidwa ndi yodula mutu, chifukwa shuga, thonje, fodya ndi tiyi zimene zinalemeretsa Liverpool, Bristol, Glasgow ndi Manchester sizinamere kuno, ndipo anthu akuda sanayambe kufika ndi sitima ya Empire Windrush, imene inabweretsa anthu a ku Caribbean mu 1948. John Blanke, munthu wakuda, ankaliza lipenga kubwalo la Henry VIII, chithunzi chake chilipo cha 1511.

Ine ndikuona kuti mkanganowu nthawi zambiri umayenda ngati pali madengu awiri, lina la mbiri ya Britain, lina la mbiri ya anthu akuda, ndiye akulimbirana kuti lidzaze ndi liti. Kwa mwana wa Chimalawi dengu ndi limodzi. Kuyambira 1891 mpaka 1964 dziko lathu linkalamulidwa kuchokera ku London. Bwanamkubwa wa ku Zomba ankalandira malamulo kuchokera ku Colonial Office. Msonkho wa nyumba, thangata, chitaganya, zonsezi ndi mbiri ya Britain yeniyeni, kungoti inachitikira kwathu. Ndipo pali china chimene makolo ambiri sitimachizindikira msanga: ngakhale sukulu itaphunzitsa mbiri ya anthu akuda mokwanira, kawirikawiri imakhala ya ku America kapena ya ku Caribbean. Ndi yofunika, mwana aidziwe, koma atha kumaliza sukulu yonse osamva liwu loti Nyasaland.

Tsopano mmene zinthu zilili, chifukwa safunsa anadya phula. Choyamba, Britain alibe silabasi imodzi. England, Wales, Scotland ndi Northern Ireland aliyense ali ndi yake. Zimene wakuuzani mnzanu wa ku Cardiff pa WhatsApp mwina sizikugwira ntchito ku Nottingham.

Ku England, phunziro la mbiri ndi lokakamiza mpaka mwana atakwanitsa zaka 14, kutha kwa Key Stage 3. National Curriculum, silabasi ya boma imene inayamba kugwira ntchito mu 2014 imapereka mitu ikuluikulu, pansi pake n'kuikapo zitsanzo zimene mphunzitsi atha kutenga kapena kusiya. Apa ndi pamene pagona nkhani. Malonda a akapolo a pa nyanja ya Atlantic ndi chitsanzo chabe. Kukula kwa ufumu wa atsamunda ndi chitsanzo chabe. Nkhani imene inalembedwa ndi dzina kuti mwana wa sekondale asaiphonye ndi ya Holocaust, kuphedwa kwa Ayuda pa nkhondo yachiwiri. Ku pulayimale, ana aang'ono atha kumva za Mary Seacole kapena Rosa Parks, ndipo okulirapo amaphunzira za dera limodzi la kunja kwa Ulaya, sukulu n'kusankha pakati pa Baghdad wakale, Amaya a ku America, kapena ufumu wa Benin wa kumadzulo kwa Africa. Kuwonjezera apo, masukulu ambiri a sekondale ku England ndi ma academy, amene kwa zaka zambiri sanali okakamizidwa kutsatira National Curriculum n'komwe. Boma la Labour litalowa mu 2024 linayamba kukonza lamulo lowakakamiza, n'kupatsa katswiri wa maphunziro Becky Francis ntchito younika silabasi yonse, choncho zina zikusintha. Koma mfundo yoti muigwire ndi yakuti zimene mwana wanu adzamve zimadalira kwambiri aphunzitsi a pasukulu yakeyo. Masukulu awiri a mumsewu umodzi atha kusiyana ngati usana ndi usiku.

Wales anachita zosiyana. Potsatira lipoti la Charlotte Williams la 2021, silabasi yatsopano imene inayamba mu Sepitembala 2022 imalamula kuti mbiri ya anthu akuda, a ku Asia ndi a mitundu ina yochepa iphunzitsidwe. Ku Scotland aphunzitsi ali ndi ufulu wambiri pansi pa Curriculum for Excellence, ndipo pa mayeso a National 5 pali mutu wa malonda a akapolo a 1770 mpaka 1807 umene sukulu itha kusankha. Inu a ku Glasgow ndi Edinburgh muli ndi mwayi umene ife a kumwera tilibe: kumeneko dzina la Malawi silachilendo. Scotland Malawi Partnership imalumikiza masukulu ambiri a kumeneko ndi a kwathu, ndipo mphunzitsi amene sukulu yake ili paubale ndi sukulu ya ku Ekwendeni kapena ku Domasi savuta kumuyamba.

Poyambira penipeni ndi pa webusaiti ya sukulu. Ku England masukulu amayenera kuikapo zimene amaphunzitsa pa phunziro lililonse, chaka ndi chaka. Tsegulani tsamba la mbiri, onani Year 7, 8 ndi 9. Kawirikawiri ukapolo ndi utsamunda zimabwera mu Year 8, nkhondo zikuluzikulu mu Year 9. Mukadziwa teremu imene nkhani ya ukapolo ikubwera, konzekerani. Ndikunena izi chifukwa ndinaziona. Tsiku limene kalasi ya mwana wanga inaonetsedwa chithunzi cha sitima yodzaza akapolo, ana onse anatembenuka kumuyang'ana iye, popeza wakuda analipo yekha ndi mnzake mmodzi. Pa buleki mnyamata wina anamufunsa ngati agogo ake anali kapolo. Anabwera kunyumba osadya nsima. Mphunzitsi sanalakwe mwadala, sanaganizeko chabe. Ndikanadziwa msanga ndikanakhala naye pansi sabata isanafike.

Zoterezi zikachitika, lembani. Kwathu tinazolowera kukaonana ndi a hedi pamaso n'kukambirana, kuno chimene sichinalembedwe sichinachitike. Imelo yaifupi yokwanira: tsiku, zimene zinanenedwa, mmene mwana wamvera, ndi zimene mukupempha. Yambani ndi mphunzitsi wa kalasi kapena mkulu wa chaka chimenecho. Zikakanika pitani kwa a hedi, kenaka kwa ma governor, komiti yoyang'anira sukulu, potsatira ndondomeko ya madandaulo imene sukulu iliyonse ili nayo. Dziwaninso malire a lamulo kuti musapite kunkhondo ndi mkondo wothyoka. Equality Act ya 2010 imateteza mwana ku tsankho pa mmene akuphunzitsidwira ndi mmene akusamalidwira, koma sikhudza mitu imene ili mu silabasi. Simungasumire sukulu chifukwa sinaphunzitse za Chilembwe. Mungathe kudandaula ngati mwana wanu anamusankha kuti achite sewero la kapolo chifukwa cha khungu lake. Komanso ku England ufulu wochotsa mwana m'kalasi ulipo pa phunziro la chipembedzo ndi la zogonana, osati pa mbiri.

Pa usiku wa makolo amakupatsani mphindi zisanu zokha ndi mphunzitsi aliyense, belu n'kulira. Musawononge mphindizo pofunsa kuti, "Bwanji simuphunzitsa mbiri ya anthu akuda?" Funso lotere limangomuyimitsa mphunzitsi njii, n'kukuuzani za Okutobala, mwezi wokumbukira mbiri ya anthu akuda. Funsani chinthu chogwirika, chokoweka pa zimene akuphunzitsa kale. Akamaphunzitsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, auzeni kuti mu Ogasiti 1914 sitima ya Britain yotchedwa Guendolen inaononga sitima ya Germany, Hermann von Wissmann, pa nyanja yathu, ndipo ambiri amati kumeneku kunali kupambana koyamba kwa Britain pamadzi m'nkhondo imeneyo. Auzeni za nkhondo ya ku Karonga ya mwezi wotsatira, za asilikali a King's African Rifles, za amtengatenga amene anasenza katundu wa nkhondo pamutu mpaka ambiri kufera m'njira, ndi za kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914 yofunsa chifukwa chimene Aafirika akufera nkhondo ya eni. Akamaphunzitsa kutha kwa utsamunda, atchulireni 3 Malichi 1959, tsiku la Operation Sunrise pamene atsamunda anamanga atsogoleri omenyera ufulu, anthu amene anawomberedwa padoko la Nkhata Bay, ndi lipoti la woweruza Patrick Devlin limene linawerenga anthu 51 ophedwa n'kunena kuti Nyasaland inasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Lipotilo anakangana nalo ku Westminster komweko mu Julayi 1959. Aphunzitsi ambiri a mbiri amakonda zinthu zotere, makamaka akamva kuti pali kalata kapena lipoti loti ana awerenge okha n'kulisanthula, popeza ndi mmene phunziroli amaliphunzitsira kuno. Ena adzakuthokozani n'kuiwala. Wina mmodzi adzakulemberani imelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za Okutobala ndinene pang'ono. Black History Month inayamba kuno mu 1987, woyambitsa wake Akyaaba Addai-Sebo wa ku Ghana. Masukulu ambiri amachita msonkhano umodzi, zithunzi pakhoma, ndi tsiku lovala zakwathu. Mwana avale chitenje, mutumize mandasi ngati alola, palibe cholakwika. Koma mandasi si mbiri. Akakupemphani kuti mukayankhule, kapena mukadzipereka nokha, pitani ndi nkhani imodzi, ndalama ya K500 m'manja, mphindi khumi basi. Ine ndimaona kuti Novembala ndi mwezi wabwino kuposa Okutobala. Pa 11 Novembala sukulu yonse imavala duwa lofiira lija kukumbukira asilikali, ndipo mwana wanu akadziwa kuti ku Zomba kuli nsanja ya chikumbutso cha asilikali athu, kuti ena anakamenya nkhondo mpaka ku Burma, amavala duwalo ngati mwini maliro, osati ngati mlendo wongoperekeza.

Year 9 ndi chaka chofunika kuchiyang'anira. Ndi pamene ana amasankha maphunziro a GCSE, mayeso amene amalemba ali ndi zaka 16, ndipo ambiri mbiri amaisiyira pomwepo. Makolo a Chimalawi timakankhira ana ku sayansi ndi masamu, ndipo ndikumvetsa, tinabwera kudzafuna tsogolo. Koma mbiri sitsekera mwana njira ya udokotala, ndipo kwa wofuna zamalamulo kapena utolankhani ndi chuma. Funsani kuti sukulu imagwiritsa ntchito bungwe liti la mayeso, ndiponso mitu iti. Bungwe la AQA lili ndi mutu wa kusamuka kwa anthu ndi maufumu kuyambira cha m'ma 790 mpaka lero. OCR ili ndi wa anthu osamukira ku Britain. Edexcel inaonjeza wake umene uli ndi gawo la Notting Hill kuyambira 1948. Vuto ndi lakuti amasankha ndi aphunzitsi, osati mwana, ndipo ambiri amakakamira mutu wa mbiri ya zamankhwala chifukwa mabuku anagula kale ndiponso anauzolowera. Kusintha kumatenga zaka, koma kumayamba makolo angapo akafunsa funso limodzimodzi. Ku A level, maphunziro a zaka ziwiri otsatira GCSE, mpata umakula: pali ntchito yolemba payekha imene masukulu ena amalola mwana kusankha mutu wake, palinso EPQ, ntchito yofufuza payekha ya mawu pafupifupi 5,000. Mwana wolemba za chitaganya cha 1953 mpaka 1963 sangasowe zowerenga, chifukwa makalata a boma la atsamunda la Nyasaland ali ku National Archives ku Kew, pa mndandanda wa CO 525, ndipo kuwerenga kumeneko ndi kwaulere.

Amene muli ndi mpata, imani pa chisankho cha parent governor, woimira makolo mu komiti ya sukulu, kapena lowani Parent Council ngati muli ku Scotland. Ndikudziwa, ambiri tikugwira mashifiti a usiku m'nyumba zosamalira okalamba, msonkhano wa 6 koloko madzulo ndi katundu wina. Koma m'zipinda zimenezo ndi mmene mumafunsidwa mafunso amene a hedi amayenera kuyankha, ndipo nkhope zathu zimasowamo.

Ndipatuke pang'ono. Nafenso akuluakulu tili ndi silabasi yathu, mayeso a Life in the UK aja a ofuna kukhazikika kapena unzika, mafunso 24, mphindi 45, kukhoza 18 kuti upambane. Mu 2020 akatswiri a mbiri oposa 180 analemba kalata yodandaula kuti buku lokonzekera mayesowa likupotoza nkhani ya ukapolo ndi ya kutha kwa utsamunda. Lowezani, lembani, tengani mapepala anu. Kungoti musalitenge ngati Baibulo pouza ana.

Gawo lalikulu latsala ndi la kunyumba, ndipo apa tisanamizane. N'kosavuta kuuza mwana nthano yosalala, yakuti kunali mtendere, azungu n'kubwera kudzaononga. Mwana wophunzitsidwa kusanthula umboni adzakugwirani bodza ali ndi zaka 15, ndipo akakugwirani kamodzi zina zonse adzazikayikira. Muuzeni kuti ukapolo wa kwathu sunalowere ku Atlantic umene akuphunzira kusukulu, unalowera kum'mawa, ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Muuzeni za Jumbe wa ku Nkhotakota, za Mlozi wa ku Karonga amene anapachikidwa mu 1895, ndi kuti panali mafumu athu omwe ankagwira anzawo n'kugulitsa. Muuzeni kuti Britain yemweyo anathira nkhondo amalonda a akapolo pa nyanja yathu, ndipo yemweyonso anagawa minda ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu kwa azungu, eni nthaka n'kusanduka a thangata. Kuti amishoni a ku Livingstonia ndi ku Blantyre anabweretsa sukulu ndi zipatala, ndipo m'sukulu zomwezo munatuluka anthu amene anadzagwetsa chitaganya. Kuti pa kuukira kwa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anadula mutu wa William Jervis Livingstone ku Magomero, ndipo atsamunda pobwezera anapha ndi kunyonga anthu ambiri n'kugwetsa tchalitchi cha ku Mbombwe. Kuti Kamuzu anali dokotala ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London, anakhala nawo pa msonkhano wa Pan-African Congress ku Manchester mu 1945 pamodzi ndi Kwame Nkrumah ndi Jomo Kenyatta, anamangidwa ku Gwelo, anatitengera ufulu, ndipo yemweyo anatsekera anthu ku Mikuyu popanda mlandu. Ngakhale ife kusukulu kwathu tinaloweza kuti David Livingstone "anatulukira" nyanja mu 1859, ngati kuti asodzi a ku Mangochi ankawedza pamchenga.

Pa holide, ndalama zikalola, yendani nawo. Ku Brixton kuli Black Cultural Archives. Ku London Museum Docklands kuli chipinda cha shuga ndi ukapolo. Nyumba imene anabadwira David Livingstone ili ku Blantyre wa ku Scotland, pafupi ndi Glasgow, ndipo mwana akaona dzinalo pa siteshoni ya sitima amayamba yekha kufunsa. Ku Bristol amve za 1963, pamene Paul Stephenson ndi anzake anatsogolera anthu kunyanyala mabasi chifukwa kampani inkakana kulemba ntchito akuda ndi Amwenye. Nkhani ya basi imene ambiri amaidziwa ndi ya Rosa Parks ku Alabama, ku America, pomwe ina inachitikira pakhomo pomwepa. Muonetseninso pa intaneti kaundula wa University College London wa anthu amene analandira chipukutamisozi ukapolo utathetsedwa ndi lamulo la 1833: mapaundi 20 miliyoni, operekedwa kwa eni akapolo, akapolowo osalandira kanthu. Atha kulembamo dzina la tawuni imene mukukhala n'kuona zimene zituluke.

Koma laibulale yoposa zonsezi ili kumudzi, ndipo ikutha. Munthu amene anali ndi zaka 10 mu 1959 lero wadutsa zaka 75. Mukamaimba foni ya Lamlungu, musangomupatsa mwana kuti anene "Muli bwanji agogo" n'kuthawa. Mukonzereni mafunso awiri, inu mukhale womasulira ngati Chichewa chake n'chopunduka, ndipo jambulani mawuwo. Anali kuti pamene Kamuzu ankatera pa Chileka mu Julayi 1958? Ndani m'banja anapita ku Wenela kapena ku Salisbury? Msonkho ankatolera ndani, ndipo wothawa msonkho ankamutani?

Ife tinayesa, patapita masabata angapo chichokereni ku Trafalgar Square. Mwana anafunsa agogo ake aakazi za chipewa chija, ine ndikumasulira. Mayi anaseka kaye, n'kunena kuti bambo awo ankasimba za mawu amene ankakuwidwa pamsewu mzungu akamadutsa, oti "Chotsa chipewa!", ndipo iwo pofuna kupewa zonsezo ankangochipinda n'kuchiika m'thumba akamayandikira kuboma. Kenaka anayamba kufotokoza za amalume awo amene anapita kunkhondo osabwerako, dzina limene ngakhale ine ndinali ndisanalimvepo. Netiweki inaduka katatu. Mwana analemba dzinalo kuseri kwa kope lake la masamu, n'kundifunsa ngati ku Kew kungakhale pepala lililonse lomutchula.